Dzanja la M'galasi

Chizindikiro choyamba chinali chipeso. Linali Lachiwiri m'mwezi wa Juni, kukuzizira, ndipo ndinali m'kasaluni kanga pafupi ndi msika wa ku Mtendere, ndikuluka mayi wina mukule, mizere ija yogona pamutu. Chipeso chinagwa m'dzanja langa lamanzere. Ndinachitola, chinagwanso. Kachitatu sindinachitole, chifukwa zala zinakana kufumbata. Mayi uja sanatembenuke, anangondiyang'ana pagalasi limene linali patsogolo pake, nati, "Amake Dalitso, kamwa yanu yachita bwanji? Yapendama." Nditakweza maso ndinaona nkhope yanga itatsika mbali imodzi, malovu akuyenderera pachibwano ine osamva.

Ndine mkazi wamasiye, ndipo nthawi imeneyo ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Kwathu ndi ku Katete, koma mu Lusaka ndinafika ndili mtsikana, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri ndadya za manja anga. Mwana ndili naye mmodzi, Dalitso, amene amagwira ntchito kumigodi ya ku Solwezi. Amene amandidziwa amati pakamwa panga m'pakuthwa kuposa lumo la m'saluni, ndiponso kuti sindimva za munthu. Sanama. Zaka zitatu m'mbuyomo anesi a pakiliniki anandiuza kuti magazi anga amathamanga kwambiri, nandipatsa mapiritsi a BP. Ndinamwa miyezi iwiri, mutu utasiya kupweteka ndinadziweruza ndekha kuti ndachira.

Tsiku limenelo sindinapite kuchipatala. Mayi uja ndinamubweza mutu uli theka, ndinatseka saluni ndi dzanja limodzi, ndi kubwerera kunyumba ndikukoka mwendo. Mnansi wanga anandisisita ndi mafuta otentha, nandiphikira tiyi, ndipo tonse tinagwirizana kuti kunali kutopa. Akuluakulu amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Kwa ine mwambiwu unakwaniritsidwa mmene ulili, chifukwa m'mawa mwa Lachitatu ndinachita kukwawa kuti ndifike pakhomo ndi kuitana anthu.

Anansi ananditengera kukiliniki pa takisi. Nesi anandiyeza BP kawiri, analemba kalata, ndipo pofika masana ndinali pabedi la matayala m'khonde la chipatala chachikulu m'tauni, ndikudikira kuti andijambule m'mutu. Tinadikira nthawi yaitali, pakuti odwala tinali ambiri. Chithunzi chitatuluka, dokotala anafotokoza kuti ndachita sitiroko: mtsempha wina wa magazi unatsekeka mu ubongo, mbali ya kumanja, ndipo n'chifukwa chake mbali ya kumanzere ya thupi inafooka. Ngakhale ndinali m'mantha, zimenezi zinandidabwitsa. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti dzanja langa lamanzere limalamulidwa kuchokera tsidya lina la mutu. Atamva kuti zinayamba dzulo lake, dokotala anapukusa mutu nati, "Amai, iyi matenda ifuna kuthamangila. Sembe munabwela mailo pamene inayamba."

M'wodi ndinakhalamo masiku khumi. M'mawa uliwonse anesi ankatiyeza BP, kenako phala, kenako gulu la madokotala linkadutsa bedi ndi bedi. Tsiku loyamba sanandipatse chakudya mpaka atandiyesa ndi kasupuni ka madzi kuti aone ngati ndikumeza bwino. Ankanditembenuza pafupipafupi kuti ndisachite zilonda. Pa tsiku lachitatu anafika akulu anga, a Eneless, kuchokera ku Katete, ali ndi kachikwama kamodzi ndi Baibulo. Amandiposa zaka khumi, ndipo ndi iwo anandibereka kumsana amayi akapita kumunda. Alongo athu, a Yohane, amene amakhala ku Matero ndipo ndiwo mutu wa banja lathu kuno, ankabwera nthawi yoona odwala. Ndisanatuluke, munthu wa mafizo, amene kuno timangoti a fiziyo, anandikhazika tsonga, nandiimiritsa, natipatsa kapepala koti tizibwera kwa iwo sabata iliyonse.

Ndikufuna kunena bwino za chisamaliro cha a Eneless, chifukwa nkhani yanga yagona pamenepo. Sindinaone munthu wosamala wodwala ngati iwo. Ankandisambitsa, kundidzoza mafuta, kundiveka, kundidyetsa ndi supuni. Dzanja lodwala analimanga pachifuwa ndi chitenje ngati khanda, ndipo ndikangofuna kunyamula kapu ndi dzanja labwinolo ankandilanda, amvekere, "Khala, ndabwerera chiyani ine?" Amayi a kumpingo akabwera kudzazonda ankawayamikira kuti umu ndi mmene amasungira wodwala kwathu. Kapepala ka a fiziyo anakaika m'Baibulo. Anati munthu wodwala samuzunza ndi maminibasi, ayambe wapeza mphamvu.

Anachitanso chinthu china. Tsiku lotuluka m'chipatala ndinadziona pakagalasi ka takisi, ndipo ndinalira njira yonse. Titafika, a Eneless anachotsa kagalasi kamene kanali pabalaza nakaika m'chikwama chawo. Katundu wa kusaluni atabwera naye kunyumba, galasi langa la ntchito, la felemu yamatabwa, analikulunga m'bulangete nalikankhira pansi pa bedi. Ine woluka tsitsi ndinakhala milungu isanu ndi inayi osaona galasi.

Pofika kumapeto kwa Julayi mwendo unali utayamba kumva. Ndinkayenda ndi ndodo mpaka kuchimbudzi, chifukwa kumeneko palibe amene angakupitire. Koma dzanja linali lomwelo, ndipo zala zinayamba kupindikira mkati, phewa likupweteka ndikagona. Pambuyo pake ndi pamene ndinazindikira kusiyana kwake: mwendo unalibe wantchito, dzanja linali naye.

Lamlungu lina atatuluka kutchalitchi, a Yohane anabwera nakhala pampando wa malemu amuna anga. Anayankhula mofatsa, koma zinali zogamula kale. "Mvula ikayamba, ba Eneless bafunika kubwelela kukalima. Iwe mlongo wanga uzayenda nabo kumunzi. Muntu wamene sakwanisa kumanga chitenje yeka sangankale yeka mu Lusaka."

Sindikuwadandaula, pakuti ankanena za chikondi, ndipo ndi mmene timachitira: wa m'tauni akatha mphamvu amabwerera kumudzi. Koma ine ndinkadziwa chimene chinkandidikira. Ndinawaona amayi otere ndili mwana, atakhazikidwa pamphasa kuseri kwa nyumba, akudikira wina adzawasunthe dzuwa likawapeza. Nyumba yanga ya zipinda ziwiri tinaimanga ndi amuna anga buloko ndi buloko, ndipo makasitomala anga ena ndinayamba kuwaluka ali ana, lero akubweretsa ana awo. Ndinafuna kukana, koma ndikanakana ndi chiyani? Chala chimodzi sichiswa nsabwe, nanga dzanja limodzi lingaluke mutu? Ndinangoti ndamva, mtima uli wowawa.

Anatipulumutsa ndi nesi wa pakiliniki, tsiku limene tinapita kukatenga mapiritsi mu Ogasiti. Anamasula chitenje chija, anayesa kuwongola zala zanga, nafunsa, "Ku fiziyo muyenda siku bwanji?" A Eneless anayang'ana pansi. Nesi sanakalipe, anangolemba kalata ina nati tisadikirenso ngakhale sabata imodzi.

Tinapita Lachinayi, mphepo ya Ogasiti ikuulutsa fumbi. Kuchipinda cha mafizo kunali mabenchi odzaza: abambo a ndodo, ana oberekedwa, achinyamata ovulala pangozi. Mkati munali zitsulo ziwiri zogwirira pophunzira kuyenda, mabedi aatali ndi mipira yaikulu. Tinadikira mpaka dzuwa litafika pamutu. Amene anatiitana anali mtsikana wamfupi, msinkhu wa Dalitso, dzina lake Mutinta. Choyamba chimene ndinaona mwa iye ndi tsitsi, limene wina analiluka mothamanga, mizere yosalingana, ndipo ndinadzifunsa kuti mwana wosadziwa kusankha womuluka angandichiritse bwanji. Lero ndimamutchula a Mutinta, ndipo ndimatero ndi mtima wonse.

Anandiyeza kwa nthawi yaitali. Anandiuza kukweza mkono, kutembenuza chikhatho, kutseka maso ndi kunena chala chimene wagwira, ndipo zonse ankalemba. Kenako anafunsa amene amandisambitsa, amene amandiveka, amene amandidyetsa. Mafunso onse a Eneless anayankha monyadira kuti, "Ine." A Mutinta anawagwira dzanja nati, "Ba mayo, mwabasunga bwino maningi. Manje nifuna muchite chintu chovuta kuchila vonse. Muleke."

A Eneless anaoneka ngati awamenya mbama. Pamenepo a Mutinta anakoka mpando nayamba kutifotokozera. Anati kale anthu ankakhulupirira kuti chimene chafa mu ubongo chapita, ndipo wodwala sitiroko angosungidwa. Koma ofufuza za kuchira kwa ziwalo, pogwiritsa ntchito makina oona mmene ubongo ukugwirira ntchito, apeza kuti mbali zina zimene zatsala zimatha kuphunzira ntchito ya mbali yowonongekayo. Zimaphunzira ngati zikupatsidwa ntchitoyo mobwerezabwereza, makamaka m'miyezi yoyamba. Chiwalo chimene sichitumidwa, ubongo umachiiwala, ngakhale mphamvu ina ikanabwerera. "Muiziba Kanyama mu mainza?" anatifunsa, akunena za dera lija la mu Lusaka limene limasefukira nthawi ya mvula. "Msewo ukazula manzi, bantu sibankala mu nyumba. Baika mabuloko, bapita kumbuyo kwa manyumba. Poyamba ni kanjila chabe, koma bakapitamo masiku yonse yankala njila ya bonse. Na bongo ni chimozimozi."

Atatero anabweretsa galasi naliimika patebulo patsogolo panga. Ndinatembenuza nkhope msanga. Iwo anati ndisaope, sakufuna nkhope, akufuna dzanja. Analiimika cham'mbali, kulunjika pakati pa chifuwa changa. Dzanja lodwala analigoneka kuseri kwa galasi kumene sindikanaliona, labwino naliika kutsogolo kwake. Anandivula chibangili kuti manja asasiyane. Kenako anati ndipendeke mutu pang'ono, ndiyang'ane m'galasimo basi, ndipo nditsekule ndi kutseka dzanja lamanja pang'onopang'ono, uku mumtima ndikulamula manja onse awiri.

Zimene ndinaona sindidzaziiwala mpaka tsiku langa lomaliza. Pamalo penipeni pamene panali dzanja langa lakufa, panali dzanja lamoyo. Linatsekuka, zala zonse zisanu zinawongoka, linatsekanso. Nzeru zinkandiuza kuti ndi chithunzi cha dzanja lamanja, koma thupi silinamve zimenezo. Ndinamva kutentha kukutsika m'mkono wamanzere, ndi tinthu toyendayenda m'chikhatho ngati nyerere. Tsitsi linandiimirira. A Eneless anafuula, "Yesu wanga!" nathamangira kuseri kwa galasi, kumene anapeza dzanja lili gone monga analisiyira. Anabwerera kutsogolo, analiona likuyenda, anapitanso kuseri. Ine misozi inali kugwera patebulo, ndipo sikunali kulira kwa chisoni. Ndinachita mantha aja amene munthu amachita akaona chinthu chachikulu kuposa nzeru zake.

Nditapeza mawu ndinati kwa zaka makumi awiri ndakhala ndikuuza makasitomala kuti galasi silinama. A Mutinta anaseka. "Iyi inama, ba mayo, koma bongo akhulupilila. Akaona kwanja iyenda, ayamba kusakila njila yofikako." Sanandilonjeze zambiri. Ananena poyera kuti njirayi imathandiza ena, ena ayi, ndipo ofufuza akadali kufunafuna kuti imayenera ndani ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji. Anati siilowa m'malo mwa mapiritsi kapena mafizo ena. Anationetsa pafoni yawo zimene akuyesa kumaiko ena, magolovesi a makina amene amawongola zala ndi tizida togwedeza minofu ndi magetsi. "Ivo tikalibe kufikako bonse," anatero. "Koma galasi tili nayo. Kunyumba iliko?"

Ndinayang'ana akulu anga. Kenako a Eneless anayankha ndi mawu aang'ono, "Lili pansi pa bedi."

Madzulo a tsiku lomwelo analitulutsa okha, analipukuta fumbi, nadula katoni ya sopo kuti liziima bwino patebulo. Nkhope yanga ndinaiona mwangozi, ndipo sinali yoopsa monga ndinkaganizira, kukamwa kunali kutabwererako ndithu. Kuyambira pamenepo tinali ndi ndondomeko. M'mawa ndikamwa phala ndi mapiritsi, ndinkakhala pagalasi pafupifupi theka la ola: kutsekula, kutseka, kutembenuza chikhatho, kukhudza chala chilichonse ndi chala chachikulu. Masana ndinkabwerezanso, kenako mafizo a phewa ndi mwendo amene anatiphunzitsa. Lachinayi lililonse tinkakwera maminibasi awiri kupita kuchipatala. A Eneless anadzipatsa ntchito yawoyawo. Ankakhala kuseri kwa galasi, manja pamiyendo, akulondera dzanja lenileni.

Sabata yoyamba panalibe kanthu. Yachiwiri panalibe kanthu. Kudabwa kuja kunayamba kuzirala, ndipo tsiku lina ndinakankha katoni ndi kunena kuti ndakalamba, sindingamaseweretsedwe ndi galasi ngati khanda. Mnansi wina anasuzumira pazenera, ndipo posakhalitsa kumsika kunamveka kuti amake Dalitso matenda awakwera kumutu, akumacheza ndi galasi. A Eneless, amene poyamba ankakayika kuposa ine, ndi amene anatola katoniyo naiimikanso. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Linali Lolemba masana, chapakati pa Seputembala, kutayamba kutentha. Ndinali kukhudza zala monga mwa masiku onse, maganizo ali kwina, pamene ndinamva a Eneless akunong'ona kuseri kwa galasi, "Usasiye. Usayang'ane kuno. Chitanso." Ndinachitanso. "Chala chachikulu," anatero. "Chagwedera." Ine sindinachione, pakuti maso anga anali m'galasi. Anachiona ndi iwo, munthu yemwe uja anabisa galasilo. Titalichotsa ndinayang'anitsitsa chalacho ndi kuchilamula, ndipo patapita kanthawi chinasuntha pang'ono kwambiri, mwina utali wa njere ya mpunga. Tonse awiri tinachiyang'anitsitsa. Ndinaganiza za kanjira kaja, kakutsegulidwa mumdima wa m'mutu mwanga momwe, popanda mpeni kapena jekeseni, ndipo ndinati Mulungu anatiumba modabwitsa kuposa mmene timadziwira.

Lachinayi a Mutinta anayeza, analemba, namwetulira, koma anati ntchito yeniyeni ikuyamba kumene. Pofika mu Okutobala zala zinayi zinkatsekuka pang'ono ndipo dzanja linkadzuka pamfundo. Apa anabweretsa njira ina imene anati nayonso yafufuzidwa kwambiri: kutsekera dzanja labwino kuti lodwala likakamizike kugwira ntchito. Anandiveka sokosi yochindikala kudzanja lamanja, yoti ndizivala maola angapo patsiku ndili chikhalire, osati poyenda. Ndi dzanja lamanzere ndinkatola zotsekera mabotolo kuziika m'mbale, kupana mapegi m'mphepete mwa katoni, kusankha nyemba, kufinya kansalu konyowa. Pegi imodzi inkanditulutsa thukuta ngati ndanyamula thumba la makala.

Masiku amenewo anali owawa kwa ine, koma ndikhulupirira kuti anali owawa kwambiri kwa a Eneless. Tsiku lina amayi atatu a kumpingo anatipeza ine ndikulimbana ndi kapu ya pulasitiki, madzi atatayikira pamalaya, sokosi ili kudzanja, akulu anga atangokhala poteropo. Anayang'anizana. Mmodzi analephera kupirira nati, "Koma ba Eneless, mwalema nabo odwala? Muntu avutika so, imwe muyang'ana chabe?" Kwa mkazi wa kwathu palibe chitonzo choposa chimenecho. Ndinaona manja awo akunyamuka okha kuti alande kapu, kenako anawabweza nawakhalira. "Ndi mankhwala," anayankha. Alendo atapita anazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawamva akulira. Pamenepo ndinadziwa kuti tikuchira anthu awiri.

Ndisabise kuti si onse amene zinawayendera monga ine. Pabenchi ya Lachinayi ndinkakhala ndi bambo wina amene kale anali dalaivala wa mathiraki. Anabwera ku mafizo patapita chaka chathunthu, zala zitauma kale. Galasi analiyesa kwa milungu yambiri, dzanja silinayankhe, ngakhale kuti kuyenda kwake kunasintha kwambiri. Ndikamuona ndinkakumbukira kapepala kathu kaja m'Baibulo, ndipo ndinkazizidwa.

Chitenje ndinayamba kuchiphunzira mitambo itayamba kusonkhana. Munthu wamanja awiri saganiza kuti kumanga chitenje ndi ntchito. Dzanja lina liyenera kugwira nsonga m'chiuno osataya, pamene linalo likuzunguliza nsalu ndi kuipisa. Changa chinkagwa ndisanafike pakati. Chinagwa kambirimbiri, ine ndikutukwana nsalu yosalakwa, a Eneless ataima pakhomo manja ali kumbuyo. Kumapeto kwa Okutobala chinagwira koyamba, ndipo ndinayenda nacho mpaka pampopi ndi kubwerera.

Mvula yoyamba inagwa m'sabata yachiwiri ya Novembala, ndipo a Yohane anatumiza uthenga kuti abwera Loweruka ndi galimoto ya mnzawo kudzatifikitsa kokwerera mabasi. Lachisanu m'mawa a Eneless anavula chitambala cha kumutu, anakhala pansi pakati pa miyendo yanga, nandipatsira chipeso. Ndinawauza kuti sindingathe. Anati mutu ndi wawo, ndikauwononga palibe wokandisumira. Ndinayamba. Zala zamanzere zinkagwira tsitsi, kulitaya, kuligwiranso, ndipo ndinkapumula mzere uliwonse. Ntchito imene kale inali ya ola limodzi inanditengera tsiku lonse. Inatuluka mizere isanu ndi umodzi pa imvi zawo, yokhotakhota kuposa ya a Mutinta imene ndinaiseka ija.

Loweruka a Yohane anafika dzuwa litangokwera. Ndinawamva akukhala pabalaza ndi kufunsa ngati katundu wamangidwa. Ine ndinali kuchipinda, chitseko chili chotseka, ndikulimbana ndi chitenje changa cha kutchalitchi. Chifukwa cha mantha chinagwa kawiri. Kachitatu chinagwira. Ndinatuluka popanda ndodo, ndinapinda maondo pang'ono monga mwendo unandilolera, ndipo ndinawapatsa moni wa kwathu, woomba m'manja. Manja awiri anakumana, namveka. Sikunali kuomba kwamphamvu, koma m'nyumba monse munamveka.

A Yohane anayang'ana manja anga, kenako chitenje, kenako akulu athu. "Mwamumangila ndimwe?" anafunsa.

"Sindinamukhudze," anayankha a Eneless. Atatero anavula chitambala, naweramitsa mutu pamaso pa mlongo wawo. "Ndipo amene wandiluka ndi iyeyu."

Alongo anga si munthu wolira. Anayang'ana mizere yokhota ija kwa nthawi yaitali, anatulutsa kansalu m'thumba, nanena kuti fumbi la ku Mtendere ndi loipa, chonsecho mvula inali itagwa. Kenako anaimirira nanyamula chikwama chimodzi chokha, cha a Eneless. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Akulu anga anakwera galimoto mutu uli pamtunda, chitambala chili m'manja, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anafika nawo choncho mpaka ku Katete.

Tsopano papita chaka ndi miyezi ingapo. Ndimakhala ndekha m'nyumba yanga, ndimaphika, ndimachapa, ndipo saluni ndinatsegulanso. Sindinabwerere mwakale, ndipo sindinamiza munthu. Kachala kakang'ono ndi kotsatana nako n'taulesi mpaka lero, kukazizira dzanja lonse limauma, ndipo ndikatopa mwendo umakoka. Kale ndinkaluka mitu isanu patsiku, pano iwiri, makamaka ya ana asukulu. Mapiritsi a BP ndimamwa m'mawa uliwonse ngakhale mutu usapweteke, ndipo kukiliniki sindijomba. Kwa a fiziyo ndimapita mwa apo ndi apo kuti akandiyeze. Ulendo wina ndinawapempha a Mutinta kuti adzabwere ndiwakonze tsitsi, ndipo anabwera. Galasi lija linabwerera pakhoma la saluni. Nthawi zina ndikamaluka ndimaona manja anga awiri m'menemo akugwira ntchito limodzi, ndipo mantha aja a tsiku loyamba kwa a fiziyo amandibwerera, ndimayamba ndaima kaye.

Kwa inu amene mukuwerenga, ndikupempheni izi. Mukaona kukamwa kwapotoka, dzanja kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, kapena mawu akutuluka mosokonezeka, musadikire kuti kuche, musayambe ndi tiyi kapena mafuta osisita. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, pemphero muchitire m'njira. Ngati anakupatsani mapiritsi a BP, musadziweruze nokha kuti mwachira monga ndinachitira ine. Akakupatsani kapepala ka mafizo, pitani sabata yomweyo, pakuti miyezi yoyamba sibwerera, ndipo za galasi ndi sokosi muyambe mwafunsa a fiziyo, chifukwa wodwala aliyense ali ndi njira yake.

Ndipo inu osamala odwala, inu a mitima ngati ya akulu anga, ndikudziwa kuti anthu adzakunenani. Msiyeni wodwala wanu atayire madzi pamalaya, msiyeni alimbane ndi chitenje chake, inu mukhale pafupi, manja muwakhalire. Ngati pali galasi limene munalikankhira pansi pa bedi chifukwa cha chifundo, kalitulutseni.